Rosaria Wojambula M'chiperoni

Inu amene mukufuna mawu okulimbikitsani, nkhani ino si yokusisitani pamsana. Ndi nkhani ya mtsikana wa ku Mulanje amene anapsa mtima, ndipo chifukwa chopsera mtima anali nacho.

Tsiku limene chithunzi cha bambo ake chinabwezedwa, Rosaria anali atangoweruka kothyola tiyi, dengu likadali kumsana. Pakhomo pa nyumba yawo m'malayini a esiteti anapeza Carlos, wageni amene ankapikula nyemba ku Mozambique n'kumadzagulitsa pamsika wa Limbuli. Anali atatsamiritsa njinga yake kukhoma, envulopu ili m'manja, maso ali pansi. Bambo ake a Rosaria, a Inocencio, anali pakampando kawo akudikira kuti mlendoyo ayankhule.

Carlos anayamba ndi kudandaula za msewu, kenako za kukwera kwa nyemba, kenako za tayala limene linamuphulikira panjira. Rosaria anatula dengu n'kumuuza kuti asiye kuzungulira ngati galu wofuna pogona.

"Mayi aja a ku Mozambique chithunzichi anachilandira ndi manja awiri," anatero Carlos. "Anatuluka nacho panja, anachipukuta ndi chitenje, anachiyang'ana nthawi yaitali. Akuti malaya awaona, nsapato aziona, phiri aliona. Koma munthu sanamuone."

A Inocencio analandira envulopuyo osaitsegula. Analowa m'nyumba dzuwa likuswa mtengo n'kugona choyang'ana kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanalawe kanthu.

Chimene chinawagoneka ndi ichi. A Inocencio anafika kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, Rosaria ali kamwana kongophunzira kumene kusenza kachidebe ka madzi. Akazi awo anamwalira kuno komwe zaka zoyambirira zija. Mtendere utabwera, malole atayamba kututa anthu kubwerera kwawo, iwo sanakwere. Anali atamva kuti mudzi wawo unatenthedwa ndipo abale onse anatha, ndiye akanapita kukaona chiyani? Anatsala pa esiteti, anathyola tiyi mpaka msana unapindika, kenako anawapatsa ulonda.

Tsopano kampani inali itawauza kuti akalamba. Nyengo yozizira ikatha, ntchito ithe, makiyi a nyumba abwezedwe. M'malayini lamulo lake ndi limenelo, nyumba ndi ya ntchito, si ya munthu. Rosaria anali wothyola waganyu, wolembedwa mvula ikagwa n'kuchotsedwa tiyi akachepa, ndipo wotere sapatsidwa nyumba. Mkulu amene anathera mphamvu zake zonse m'tiyi wa eni analibe mudzi, analibe munda, analibe ngakhale manda oti akagonemo.

Ndiye Carlos uja anabwera ndi uthenga woti kufupi ndi Gurue kuli mayi wina wokalamba, dzina lake Claudia, amene amafunsa wamalonda aliyense wodutsa za mlongo wake Inocencio. Anali moyo, ali ndi ana, adzukulu ndi minda. Koma mayiyo anali atalumidwapo kale. Nkhondo itatha kunabwera anthu onena kuti atumidwa ndi Inocencio, ndipo kwa Alomwe mawu a mlongo wamwamuna ndi olemera chifukwa ndiye mwini mbumba. Wina anapita ndi mbuzi, wina anagulitsa chigawo cha munda. Ana a mayiyo anagamula kuti dzina la Inocencio lisadzalowenso pamudzipo pokhapokha mayi awo ataona nkhope. A Inocencio nawo miyendo inali yotupa, moti ulendo wa njinga ndi lole akanauyenda kamodzi kokha, wopita osabwerera. Panafunika chithunzi.

Wojambula m'dera lonselo anali mmodzi, Godwin, amene ankazungulira m'malayini Lamulungu lililonse kamera ili pakhosi. Iye anachita monga ankachitira ndi aliyense. Anadikira kuti dzuwa lifike paliwombo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti chithunzi chimafuna dzuwa lamphamvu. Anawauza kuti abwereke malaya oyera kwa kapitawo, apolishe nsapato, aime njo. Kenako anabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso, mpaka phiri lonse la Mulanje litakwana. Chimene chinatuluka ndi malaya oyera mbee, ndi kadontho kakuda pamwamba pake.

Chowawa n'chakuti Rosaria ndi bambo ake anachiona chithunzicho asanachitumize. Anachiona, n'kuchitumizabe, chifukwa Godwin anawauza kuti anthu akuda kwambiri amatuluka choncho. Malayini onse ankakhulupirira zimenezo. M'nyumba iliyonse munali chithunzi cha munthu wopanda nkhope, eni ake n'kumanena kuti awa ndi malemu amalume, pamene akuloza jekete. Tinazolowera zoipa mpaka kuzipachika pakhoma.

Lamulungu lotsatira Rosaria anayenda wapansi kupita ku Limbuli, mtima ukuwira. Anamupeza Godwin pabenchi lake pakhonde pa golosale, pafupi ndi osewera bawo. Anamuponyera chithunzicho pamiyendo n'kumuuza kuti aloze pamene pali bambo ake.

Godwin sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Chemwali, kamera sinama," anatero mokweza kuti a bawo amve. "Madala akowo ndi akuda ngati makala. Ndiye umafuna ndiwadzoze ufa?"

Anthu anaseka chikhakhali. Wina anawonjezera kuti ukaipa dziwa nyimbo. Rosaria, amene khungu lake linali lomwelo la bambo ake, anayang'anayang'ana pansi kufuna choti atole. Pakanakhala mwala pafupi, kamera ija ikanathera pomwepo. Mwala panalibe, choncho anamenya theche katoni imene inali kunsi kwa benchi, ndipo zithunzi zinamwazika m'fumbi. Zinali zokanidwa, zimene eni ake sanafune kuzitenga. Mwini golosale analamula kuti azitole chimodzichimodzi.

Akutola, misozi ya ukali ikugwera pa anthu osawadziwa, anaona chimodzi chimene chinamuimitsa dzanja. Anali mayi wogulitsa zinanazi, atakhala pakhonde lomwelo, wakuda kuposa a Inocencio. Ngakhale chithunzicho chinali chamdima pang'ono, nkhope yake inkaoneka yonse, makwinya a m'mbali mwa maso, kachipsera ka pachibwano, ngakhale thukuta la pamphuno. Atafunsa, Godwin anati chimenecho n'chowonongeka. Chala chinadina mwangozi akupukuta kamera, kunja kuli mitambo, ndipo mayiyo anachikana chifukwa miyendo sinatuluke.

Rosaria anachiyang'ananso. Ndiye kuti kamera sinkadana ndi munthu wakuda. Bodza linali la anthu, ndipo bodza limeneli linali pafupi kusiya bambo ake pamtetete.

Mkwiyo wake anaumeza ngati kwinini, n'kupempha ntchito kwa munthu yemwe anali atangomunyoza. Ananena kuti khomo lililonse m'malayini amalidziwa, amadziwa amene wasamukira ku divishoni ina ya esiteti ndi amene akungobisala, choncho akhoza kumamugawira zithunzi. Malipiro ake anati akhale mchira wa filimu. Filimu ikafika kumapeto, nambala zitatha, nthawi zina pamatsala malo a chithunzi chimodzi kapena ziwiri. Godwin sankajambulirapo makasitomala chifukwa kumchirako kumakonda kupsa. Anavomera akuseka, poganiza kuti watola wantchito waulere.

Masiku amenewo kunalibe zojambula n'kuona pompopompo. Filimu inkakwera minibasi kupita ku Limbe kukatsukidwa, n'kubwera sabata inayo. Cholakwa cha Lamulungu lino unkachiona Lamulungu linalo. Chithunzi choyamba cha Rosaria chinali chala chake chomwe. China chinali mwana wopanda mutu. China chinali chimbuuzi chokhachokha, ndipo nthawi zina mchira unkapseratu osatuluka kanthu. Godwin ankazionetsa kwa a bawo, iwo n'kumupatsa mtsikanayo dzina loti Nachala.

Iye ankaluma mano n'kutenga zithunzizo kupita nazo kunyumba, pamodzi ndi zokanidwa za m'katoni zija. Ankaziyala pamphasa n'kumazifunsa mafunso. Ichi nkhope yaoneka chifukwa chiyani? Ichi bwanji mtengo wa magetsi wamera pamutu pa mkwati? Ichi diso langa likuthamangira kuchimbudzi cha kumbuyoko kusiya mwana wobatizidwa, walakwa ndani? Anazindikira kuti Godwin sankaona zimene zili kumbuyo kwa munthu, ndiponso kuti diso la woona chithunzi limayamba lathamangira chimene chawala kwambiri. Ukamuveka munthu wakuda malaya oyera n'kumuimika kutsogolo kwa thambo lowala, wamukwirira wekha.

Kumunda nako anayamba kuona zimene ankangozidutsa tsiku ndi tsiku. M'mamawa, dzuwa likamachokera chammbali, nkhope za anzake zinkaumbika bwino, mphuno payokha, masaya paokha. Likafika pamutu, maso a anthu omwewo ankasanduka maenje. Pashedi ya sikelo, pamene ankayezetsa tiyi, khoma lopaka laimu linkabweza kuwala n'kumakuthira pansi pa zibwano za amene aima pamzere. Anaphunzira kuti kuwala kuli ndi kochokera ngati mphepo, ndipo kulipo kwaukali ndi kofatsa. Dengu lake linkapepuka chifukwa choyang'ana anthu m'malo moyang'ana masamba, kapitawo n'kumamukalipira kuti ngati akufuna mwamuna angonena. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Rosaria ankadekhadi, koma mkati akuyaka moto.

Pashedi pomwepo panapachikidwa kalendala ya kampani, yojambulidwa ndi katswiri wochokera kutali. Chinali chithunzi chokongola, munda wobiriwira, phiri litavala mitambo, ndi amayi othyola tiyi ali ndondondo pamzere. Onse anawajambula chakumbuyo. Rosaria anadzizindikira ndi duku lake lokha. Katswiriyo kuwala ankakudziwa bwino lomwe, koma chimene anabwera kudzajambula chinali madengu, ndipo amayiwo anali miyendo ya madenguwo. Kuyambira tsiku limenelo anadziwa kuti chithunzi chimaulula zimene wojambula amaganiza za munthu amene waima patsogolo pake, ndipo akamadutsa pakalendalayo ankayang'ana kumbali.

Woyamba kutuluka nkhope anali a Marjory, oyandikana nawo nyumba, mnzawo wa malemu mayi ake. Anavomera kujambulidwa, anavala chitenje chatsopano, anabwereka nsapato zazitali kwa mkazi wa kalaliki. Rosaria anadikira kuti dzuwa lipendeke, anawakhazika pafupi ndi khoma, n'kusendera pafupi mpaka m'kamera mutatsala nkhope ndi mapewa basi. Chithunzi chitabwera chinali chamdima pang'ono, koma a Marjory analimo enieni, ndi diso lawo lija loyang'ana munthu chammbali asanamuseke. Rosaria anathamanga nacho osavala ndi patapata yemwe.

A Marjory anachiyang'ana, nkhope n'kusintha. "Wandidula miyendo, mwana iwe? Ukufuna ndipuwale? Nanga nsapato zija ndinabwerekeranji?"

Anaching'amba pakati n'kuchiponya m'ngalande. Pofika madzulo malayini onse anali atamva kuti mwana wa obwera uja akudula anthu ziwalo ndi kamera, ndipo amayi ankalowetsa ana m'nyumba akamuona. Apa ndi pamene mtima umawawa. Munthu waona nkhope yake bwinobwino koyamba m'moyo wake, n'kulirira nsapato za eni. Koma a Marjory tisawaweruze okha, chifukwa umphawi unatiphunzitsa tonse kuti munthu ndi chimene wavala. Rosaria anatola zidutswazo m'ngalandemo n'kukaziyanika padenga.

A Inocencio nawo anakaniratu. Rosaria akabwera ndi kamera, iwo ankalowa m'nyumba. Anayamba kugawa tizinthu tawo, khasu kwa uyu, chipewa kwa uyo. Rosaria anamva kwa anthu kuti anapita kukafunsa akuluakulu a mpingo ngati munthu wochotsedwa ntchito angaloledwe m'manda a esiteti. Atawafunsa, anangoti nkhope imene mlongo wawo anaikana asaivutitsenso, manyazi amodzi akwana.

Panali chinanso chimene chinkamudya Rosaria. Zithunzi zake za pamthunzi ndi za madzulo zinkatuluka zamdima, ngakhale kuwala kwake kunali kokoma m'maso. Kamera ya Godwin inali yakale yachitsulo, ndipo kutsogolo kwake kunali mkombero wa manambala womatidwa ndi selotepi. Amene anamugulitsa kamerayo ku Limbe anauika pa nambala ya dzuwa n'kumuuza kuti asadzaukhudze, Godwin n'kumata kuti asadzalowe m'mayesero. Zaka zonsezo ankadikira dzuwa la paliwombo, n'kumawotcha nalo anthu, chifukwa cha selotepi imeneyo. Tsiku lina filimu itachotsedwa, Rosaria anamatula, n'kusuzumira m'galasi la kutsogolo akupotokola mkomberowo. Kabowo ka mkati kanakula ngati diso la mphaka mumdima. Atapotokola chobweza kanachepa.

Godwin anamupeza ali pomwepo. Analanda kamera, anamutukwana pamaso pa msika wonse kuti akufuna kumuphera geni, n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhondelo.

Apa ambiri akanasiya, ndipo palibe akanawanena. Tiyi anali atachepa, maganyu atatha, Juni ali pakhomo. Rosaria analira mpaka maso kutupa, koma Lamulungu lotsatira anali pakhonde paja, ali chiimire. Linalonso anabwera. Godwin ankayang'ana kumbali, koma zithunzi zosagawidwa zinkachuluka m'chikwama mwake chifukwa makasitomala anali atabalalika ndi kutha kwa maganyu, ndipo wodziwa kumene analowera anali yemwe anamuthamangitsa uja. Anamubweza mong'ung'udza.

Kenako chiperoni chinafika. Amene simunakhaleko ku Mulanje, chiperoni ndi kamvula kowaza kozizira kochokera ku Mozambique, kobwera ndi nkhungu, ndipo kakayamba kamatha masiku dzuwa osaoneka. Aliyense ankadziwa kuti m'chiperoni sajambula. Godwin anaika kamera m'chikwama n'kukhala pabawo. Rosaria atapempha kamerayo, anamukankhira chikwamacho ndi phazi osadzutsa mutu.

"Tenga, Nachala, ukajambule nkhungu. Kwatsala mchira wokhawokha."

M'mawa mwake phiri lonse linali litasowa. A Inocencio anali pakhomo penipeni, atafunda bulangete lawo lakale, akukonza dengu la Rosaria ndi tinsungwi tosenda. Anakhala pamenepo chifukwa m'nyumba munali mdima. Rosaria akuchokera kumpopi anaima ndowa ili pamutu. Kuwala kofatsa kwa nkhungu kunkawagwera kuchokera mbali imodzi, kumbuyo kwawo kuli bii, ndipo nkhope yonse ya bambo ake inali poyera. Anaona mitsempha ya pachipumi, imvi za m'nsidze, ndi maso amene anali asanawayang'anitsitse chimwalirire mayi ake.

Anatula ndowa. Anatenga thumba la feteleza lochapa, loyera, n'kuliyala pansi patsogolo pawo kuti libweze kuwala pansi pa chibwano, monga linkachitira khoma la kusikelo. Atatulutsa kamera, a Inocencio anayamba kudzuka.

"Ababa, khalani pansi," anatero Rosaria, ndi ukali umene anali asanawayankhulirepo nawo. "Azakhali sanakane inu. Anakana malaya a kapitawo. Inuyo sanakuoneni. Ndiye mufe asanakuoneni chifukwa cha bodza la Godwin?"

Mkuluyo anamuyang'ana mwana wake, kenako anakhala. Anafunsa ngati avule bulangete, Rosaria anati ayi. Anafunsa ngati aike dengu pansi, anati ayi. Ndiye anaumitsa khosi ngati wa pachiphaso, ndipo Rosaria anadziwa kuti akadina pamenepo ajambula mlonda wa kampani. Anamatula selotepi imene Godwin anali atamatanso, anakulitsa kabowo kaja, anagwada m'matope n'kusendera pafupi. Kenako anawafunsa kuti a Claudia ankatani iwo akalakwa ali ana.

Khosi lija linafewa. A Inocencio anayang'ana chakum'mawa, milomo ikuyamba kumwetulira isanapeze mawu, ndipo Rosaria anadina. Atafuna kukoka kachiwiri, filimu inakana. Inali itatha.

Sabata imeneyo Rosaria ankangowerenga masiku. Mchira ukanatha kupsa monga unkachitira kawirikawiri, ndipo kalaliki woyang'anira nyumba anali atadutsa kale kudzaona ngati mawindo ndi zitseko zili bwino.

Envulopu itabwera kuchokera ku Limbe, Godwin ndiye anaitsegula, ali wokonzeka kuitana a bawo. Sanawaitane. M'mphepete mwa chithunzicho munali mutapsa mofiira, koma kupsako sikunafike pankhope. Munthu ukachigwira, diso linkafikira m'maso mwa mkuluyo, chifukwa panalibe china chowala cholikoka. Kuchoka apo linkatsikira ku zala zopindika zogwira nsungwi, n'kukwereranso kumaso. Rosaria sanawaike pakati. Anawasendeza mbali imodzi n'kusiya malo opanda kanthu kumene ankayang'anako, moti aliyense ankaona kuti bambo awa akudikira munthu. Phiri munalibe, nsapato munalibe.

Godwin anang'ung'udza kuti kasitomala sangalandire chithunzi chopanda miyendo. Patapita kanthawi anafunsa, maso ali kwina, kuti mkombero uja anauika pa nambala iti.

Carlos ananyamuka nacho atachikulunga m'pepala la pulasitiki. Masiku anapita. Banja limene linkayenera kulowa m'nyumbayo linabwera kudzayeza pamene lidzaike bedi, eni ake ali momwemo, ndipo Rosaria anachita kutuluka panja kuopa kuyankhula zoti adzanong'oneze nazo bondo. A Inocencio anamanga katundu wawo m'mitolo, osadziwa kumene mitoloyo ikupita. Rosaria ankapita kukaima pamsewu, kubwerera, kupitanso.

Carlos anatulukira masana ena akukankha njinga wapansi. Pakaliyala panalibe nyemba. Panali mayi wokalamba wochepa thupi, dzanja limodzi litagwiritsitsa chishalo, lina litafumbata kanthu pachifuwa.

Pambuyo pake Carlos anafotokoza zimene mayiyo anachita atangochiona chithunzicho. Anakhala pansi pabwalo n'kuitana ana ndi adzukulu onse kuti adzaone agogo awo aakazi, amene anafa pankhondo osasiya chithunzi. Mlongo wake anachoka ali bambo wamphamvu zake, ndipo ukalamba unali utamupatsa nkhope ya mayi awo, maso omwewo, kamwetulidwe komweko. Ana atati atumize uthenga, mayiyo anakana. Anakwera lole mpaka ku Milange, n'kuwoloka pa Muloza ali panjinga ya Carlos.

A Claudia anatsika, analunjika kukhomo osapereka moni kwa aliyense, n'kugwira nkhope ya mlongo wawo ndi manja awiri. Anayankhula m'Chilomwe, ndipo malayini onse, ndi a Marjory omwe, anamva.

"Wakalamba ngati amayi, iwe. Nyamula katundu, tiye kwathu."

Chibale ndi fupa, sichiola. A Inocencio analira mokweza pamaso pa akazi ndi ana, ndipo palibe anaseka.

Rosaria anawaperekeza mpaka kumudzi, koma iye anabwerera. Amene anamupatsa pogona anali a Marjory, atamulumbiritsa kuti akadzawajambulanso miyendo ituluke. Anagwirabe ntchito ndi Godwin, akukangana Lamulungu lililonse, mpaka anapeza kamera yakeyake, yakale ngati ija. Lero ali ndi situdiyo pa Limbuli, kachipinda ka khomo lalikulu ndi khoma limodzi lopaka laimu, ndipo amaphunzitsa atsikana ochokera m'malayini. Mafoni anabwera, aliyense akujambula, koma anthu amachokabe ku Nkando ndi ku Chinakanaka kubweretsa makolo awo okalamba. Ambiri amafunabe nsapato, ndipo iye amawajambula ziwiri, cha nsapato ndi cha nkhope, akung'ung'udza. Mtima wake sunafatse mpaka pano.

A Inocencio anakhala kwawo zaka zingapo. Anaweruza milandu ya mbumba yawo, anadya chimanga cha m'munda wa mayi awo, ndipo atamwalira anaikidwa pambali pa mayi awowo. Amene anawalira ankadziwa dzina lawo la paubwana.

Tsono inu, mkwiyo muli nawowo musauthere pamowa, musakautulire ana kunyumba, ndipo musalole wina akuuzeni kuti mungouiwala. Ngati akulakwirani, psani mtima ndithu, koma mkwiyowo muusenze, mupite nawo kukaphunzira chinthu chimene akukunyozani nachocho. Mudzalephera, adzakusekani, ndipo ena mwa okusekaniwo ndi amene mukuwavutikira. Mawa lake mubwerere pomwepo. Rosaria akanatopa, bambo ake akanafera pakhonde pa eni, mlongo wawo akufunsabe amalonda apanjira. Musataye mtima, pali munthu amene adzafika kwawo pokhapokha inu mutapirira.